Mlandu wa amaBhungane: boma likamvetsera foni yanu, mudzadziwa liti?

Aliyense amene adakhalako ku Joni amalidziwa liwu loti RICA. Ukafuna simu khadi, wa m'sitolo amayamba wakufunsa pasipoti ndi pepala losonyeza kumene ukugona, ndipo abale athu kumeneko amangoti akukapangitsa RICA. Ambiri amayesa kuti limeneli ndi dzina chabe la kalembera wa manambala. Kalemberayo ndi kanthambi kakang'ono. Thunthu la lamuloli, lomwe ndi nambala 70 la chaka cha 2002, likunena za mmene boma la South Africa lingamvetsere zimene anthu akukambirana pafoni, kuwerenga mauthenga awo, ndi kudziwa kuti ndani adaimbira yani, nthawi yanji, ali kuti.

Pa 4 Febuluwale 2021, khoti la Constitutional Court, lomwe ndi lomaliza pa nkhani za malamulo aakulu a dzikolo, lidagamula kuti RICA ikuphwanya ufulu wa anthu m'malo asanu. Lidanenanso kuti zimene akazitape a boma ankachita, zokokolola mauthenga a anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, zidalibe lamulo lililonse lozichirikiza. Ine ndine loya, ndipo chigamulochi ndachiwerenga kangapo. Nthawi zonse ndimabwerera pa mfundo imodzi: munthu sangakadandaule kukhoti pa chinthu chimene sakudziwa kuti chidamuchitikira. Mlandu uwu udafika pamaso pa majaji mwamwayi chabe, ndiye ndiyambira pomwepo.

Mmene zidaululikira

A Sam Sole ndi mtolankhani wofufuza nkhani zobisika, mmodzi mwa amene adayambitsa bungwe la amaBhungane. Dzinali ndi la Chizulu, la tizilombo tija timafukula ndowe n'kumazikunkhuniza. M'chaka cha 2008 iwo ankalondola nkhani ya katangale pa kagulidwe ka zida za nkhondo, nkhani imene idakhudza a Jacob Zuma asadakhale mtsogoleri wa dziko. Pa ntchitoyo ankalankhula pafoni ndi a Billy Downer, woimira boma amene ankayendetsa mlandu wa a Zuma.

A Sole adayamba kukayikira kuti wina akutchera khutu. Mu 2009 adakadandaula ku ofesi ya Inspector-General of Intelligence, yomwe ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti akazitape sakupyola malire. Yankho lidabwera loti palibe cholakwa chimene chapezeka, komanso kuti lamulo silikulola kuwauza zambiri. Taliganizireni yankho limenelo. Munthu akuuzidwa kuti zonse zili bwino, koma umboni woti zilidi bwino sangauone, chifukwa lamulo lomwe akudandaula nalolo ndilo latseka chitseko.

Padadutsa zaka 6. Mu 2015, pa mlandu wina wosawakhudza n'komwe, umene chipani cha Democratic Alliance chinkatsutsa ganizo la mu 2009 lothetsa milandu ya a Zuma, loya wa a Zuma, a Michael Hulley, adapereka kukhoti chikalata cholumbira. Pa chikalatacho adamatapo mapepala olembedwa zimene a Sole ndi a Downer adakambirana pafoni. Paja khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Mkangano wa andale ndi umene udatsimikizira mtolankhaniyu chimene ofesi ya boma idakana kumuuza.

Apa loya aliyense ayenera kuima kaye. Zojambulidwa ndi akazitape, zimene zimayenera kukhala zokiyiridwa, zidapezeka m'manja mwa loya wa munthu wandale. Zidayenda njira iti? Ndani adazikopera, ndipo makope ena ali kuti? Mafunso amenewa adabweranso pa chigamulo. A Sole atalembera nthambi ya akazitape ya State Security Agency, zidatsimikizika kuti padalidi chilolezo cha jaji, koma zifukwa zimene jajiyo adauzidwa kuti avomere sadazione. Mu 2017 iwo ndi bungwe lawo adatengera boma kukhoti.

Zimene lamulo linkanena

Gawo 14 la malamulo aakulu a South Africa limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula mwachindunji kuti zimene anthu akukambirana zisalowereredwe. Mawu oti aliyense akuphatikiza mlendo, ngakhale Mmalawi wogwira ntchito ya m'munda ku Randburg. Gawo 36 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, koma pokhapokha pali lamulo, cholinga chili chomveka, ndipo palibe njira ina yopweteka pang'ono yofikira cholingacho.

RICA imayamba ndi kuletsa: kumvetsera zokambirana za anthu ena ndi mlandu. Kenaka imatsegula khomo. Apolisi, akazitape, asilikali ndi oimira boma pa milandu angathe kupempha chilolezo kwa jaji wosankhidwa mwapadera, ngati pali mlandu waukulu kapena chiopsezo pa chitetezo cha dziko. Chilolezo chimagwira ntchito miyezi yosapitirira itatu, koma chingathe kuwonjezeredwa. Pempho limamvedwa mwini foni palibe, ndipo malinga ndi mmene lamulo lidalili, mwiniwakeyo sankauzidwa ngakhale zonse zitatha. Wogwira ntchito kukampani ya mafoni amene angamutsine khutu, nayenso wapalamula.

Odandaula sadanene kuti boma lisamamvetsere foni ya munthu aliyense. Dziko limene kuli umbanda ngati South Africa, palibe jaji angamvere zimenezo. Iwo adati khomo likhalepo, koma pakhomopo pakhale mlonda weniweni.

Ndipo adali ndi chitsanzo chosonyeza kuti mlonda ankapusitsidwa. Mu 2010 atolankhani awiri a nyuzipepala ya Sunday Times, a Mzilikazi wa Afrika ndi a Stephan Hofstatter, ankafufuza za katangale kupolisi. Wapolisi wa nthambi ya ukazitape adatenga manambala awo n'kukauza jaji kuti ndi a zigawenga zophulitsa makina otulutsa ndalama a kubanki. Jaji adasaina. Akadadziwa bwanji? Pamaso pake padali pepala la mbali imodzi, ndipo padalibe wina woimirira n'kunena kuti, pepani, nambala iyi ndi ya mtolankhani. Wapolisiyo adapezeka wolakwa mu 2017, patatha zaka 7.

Khoti lalikulu la ku Pretoria, pansi pa jaji Roland Sutherland, lidagwirizana ndi odandaula pa 16 Seputembala 2019. Ku South Africa khoti lalikulu likathetsa lamulo la Nyumba ya Malamulo, chigamulocho sichigwira ntchito mpaka Constitutional Court itachitsimikiza, choncho nkhani idakwera. Nduna ya apolisi idachita apilo pa mfundo youza anthu kuti adamvetseredwa. Nduna ya akazitape idachita apilo pa nkhani yokokolola mauthenga. Mabungwe a Media Monitoring Africa, Right2Know ndi Privacy International adalowa ngati othandiza khoti. Mlandu udamvedwa mu Febuluwale 2020, ndipo chigamulo cha majaji ambiri adalemba ndi jaji Mbuyiseli Madlanga.

Pamene padagona nkhani

Apolisi ankati chinsinsi ndicho moyo wa ntchito yawo. Ukamuuza munthu kuti ukumumvetsera, asiya kulankhula, ataya foni, achenjeza anzake. Pamenepo palibe wotsutsa, ndipo khoti lidavomereza kuti kumuuza munthu zisadachitike kungaphe cholinga chonse. Funso lidali la pambuyo pake. Kafukufuku watha, palibe chapezeka, kapena munthu wamangidwa kale ndipo umboni uli m'manja. Chinsinsi chikutetezanso chiyani?

Yankho la khoti, ndikaliika m'mawu anga, ndi ili: pa nthawi imeneyo chinsinsi chikungoteteza amene adalakwitsa. Wapolisi akadziwa kuti mwini nambala sadzamva mpaka kalekale, kunama pa pepala la pempho kumakhala kotchipa. Akadziwa kuti pakatha miyezi itatu munthuyo alandira kalata, afuna kuona pempholo, ndipo mwina abwera ndi loya, dzanja limanjenjemera lisadalembe bodza. Malamulo aakulu amapatsa munthu ufulu wopita kukhoti ndi wolandira chithandizo ufulu wake ukaphwanyidwa. Kubisa kosatha kumausandutsa ufulu umenewo chikalata cha m'kabati. Maiko ngati Germany, Canada ndi United States amauza kale anthu pambuyo pake, ndipo apolisi awo sadasiye kugwira zigawenga.

Chimene chidandikhudza kwambiri pa gawo ili ndi chakuti a Madlanga sadaiwale anthu osauka. Adaona kuti ngakhale kalata itabwera, anthu ambiri m'dzikolo alibe ndalama yolipira loya. Choncho adalangiza Nyumba ya Malamulo kuti iganizire njira yoti chilolezo chilichonse chiziunikidwanso pachokha chikatha, munthu asadachite kupempha. Sadalamule zimenezi, adangolozera njira. Ife amene timakumana ndi anthu ofika kuofesi atabwereka ndalama ya minibasi tikudziwa kuti mfundo imeneyi si yaing'ono. A Sole adali ndi bungwe, maloya odziwika ndi dzina. Mayi wogulitsa pa msika ku Yeoville amene nambala yake idalowetsedwa pa pepala molakwika alibe chilichonse mwa izi.

Mfundo zina zinayi

Yachiwiri idali ya jaji mwiniwake. Ankasankhidwa ndi nduna ya zachilungamo yokha, pakati pa majaji opuma pa ntchito, popanda bungwe lina kuikapo mlomo, ndipo ndunayo ndiyo inkaona ngati nthawi yake iwonjezeredwe. Palibe adanena kuti jaji wakutiwakuti adakondera. Khoti lidayang'ana kamangidwe ka udindowo. Munthu amene mpando wake uli m'manja mwa nduna, akugwira ntchito kuseri kumene anthu sakuona, ndipo zigamulo zake palibe angazitsutse chifukwa palibe akuzidziwa, sanganenedwe kuti ndi woima payekha mokwanira.

Yachitatu idali ya kumva mbali imodzi. Khoti lidati lamulo liyenera kuika kanthu kena kolowa m'malo mwa munthu amene palibeyo. Padali ganizo loti pakhale loya wapadera woimira anthu pa mapempho oterewa. Khoti lidasiyira aphungu kuti asankhe okha njira.

Yachinayi ndi ija ya mapepala opezeka kwa loya wa a Zuma. RICA sidafotokoze momveka kuti zojambulidwa zisungidwe kuti, ndani azione, zikoperedwe motani, zipatsidwe kwa yani, ndiponso ziwonongedwe liti. Zambiri zidasiyidwa m'manja mwa mkulu wa ofesi yoyendetsa malo omvetserera. Foni ya munthu ikamvetseredwa miyezi itatu, zimene zimakodwa si za mlandu zokha. Mumalowa za matenda ake, za ngongole, za mkangano wa m'banja, ndi mawu a anthu ena onse amene adamuimbira osadziwa kanthu.

Yachisanu imatikhudza ife maloya pamodzi ndi atolankhani. Munthu amauza loya wake zimene sangauze ngakhale mkazi wake, pokhulupirira kuti zithera pomwepo, ndipo popanda chikhulupiriro chimenecho mlandu sungazengedwe mwachilungamo. Mtolankhani naye amadalira omutsina khutu, amene ambiri amakhala ogwira ntchito m'boma momwemo. Akadziwa kuti foni ya mtolankhani ili ndi khutu lachitatu, amatseka pakamwa, ndipo katangale amagona tulo. Khoti silidanene kuti loya kapena mtolankhani sangamvetseredwe, popeza nawonso amapalamula. Lidati jaji ayenera kuuzidwa kuti nambalayo ndi ya munthu wotere, kuti aike malire oteteza makasitomala ndi opereka nkhani.

Mbedza ndi khoka

Zonse ndafotokozazi ndi za mbedza: munthu mmodzi, nambala imodzi, pempho limodzi. Koma padali chinthu china chimene RICA sidachitchule n'komwe. Nthambi ya akazitape ili ndi malo otchedwa National Communications Centre, ndipo boma lidavomera m'zikalata zake zolumbira kuti malowa amakoka mauthenga odutsa malire a dziko, kuphatikizapo oyenda m'zingwe za intaneti za pansi pa nyanja, n'kumawasefa ndi makompyuta pofunafuna mawu ena ake okayikitsa. Kwathu kunyanja timadziwa zimene zimachitika msodzi akasoka neti ya udzudzu kukhoka lake. Amakokera kumtunda chambo, tiana take, mazira ndi zinyalala, n'kumasankhira pamchenga. Apa ndi chimodzimodzi. Palibe dzina la munthu wokayikiridwa, palibe pempho, palibe jaji. Amayamba akoka, kusankha pambuyo.

Boma linkati zimenezi ndi za kunja, zoteteza dziko kwa adani akutali. Koma uthenga wodutsa malire ndi uti? Mnyamata wa ku Mangochi amene ali ku Johannesburg akaimbira mayi ake kuwauza kuti watumiza ndalama ya feteleza, mawu akewo adutsa malire. Anthu awiri okhala nyumba zoyandikana ku Durban akatumizirana uthenga pa intaneti, uthengawo ungathe kukazungulira pa makompyuta a kampani ili kutsidya kwa nyanja usadafike. Mzere wolekanitsa zakunja ndi zam'dziko udafufutika kalekale.

Ndiponso khoka limeneli lidaponyedwapo kale m'dziwe la pakhomo. Mu 2005 zidadziwika kuti akazitape ankalondalonda a Saki Macozoma, mkulu wa zamalonda wa m'chipani cha ANC, ndipo kafukufuku adapeza kuti malo omwewa adagwiritsidwa ntchito pomvetsera nzika za dzikolo, kuphatikizapo andale. Mkulu wa akazitape pa nthawiyo, a Billy Masetlha, adachotsedwa ntchito ndi a Thabo Mbeki mu 2006. Mu 2008 komiti younika ntchito za ukazitape, yotsogozedwa ndi a Joe Matthews, idachenjeza kuti zimene malowa ankachita zinkaoneka zosemphana ndi malamulo. Chenjezo lidaperekedwa, ntchito idapitirira.

Kukhoti, nduna ya akazitape idatsamira pa gawo 2 la lamulo la National Strategic Intelligence Act la 1994, limene limapatsa akazitape ntchito yosonkhanitsa ndi kusanthula nkhani zokhudza chitetezo. Khoti lidakana. Kupatsidwa ntchito yosonkhanitsa nkhani sikutanthauza kuti wapatsidwa mphamvu yozisonkhanitsa m'njira iliyonse imene waganiza. Mphamvu yaikulu chotere, yolowerera anthu osawerengeka amene sadalakwe kanthu, imayenera kulembedwa poyera ndi aphungu. Popeza sidalembedwe paliponse, mchitidwewo udali wosaloledwa.

Ndikupempha anzanga a ntchito aliwerenge gawo ili mosamala, chifukwa ambiri amalikuza kuposa mmene lilili. Khoti silidagamule kuti kukokolola mauthenga n'kosemphana ndi ufulu wa chinsinsi mwa iko kokha. Silidafike pa funso limenelo. Lidangofunsa kuti lamulo lake lili kuti, ndipo boma lidasowa cholozera. Kupambana kotere n'kokoma, koma kumasiya khomo lotsegula: aphungu akalemba lamulo, mlandu umayambiranso. Ndi zimene zidachitika. Mu Malichi 2025 a Cyril Ramaphosa adasaina lamulo losintha malamulo a ukazitape, ndipo mwa zina lidapereka maziko a lamulo ku ntchito yokoka mauthenga odutsa malire, pamodzi ndi njira zoiyang'anira. Funso loti njirazo n'zokwanira ndi la mlandu wina.

Zimene khoti lidalamula

Khoti silidafune kusiya apolisi manja ali m'khosi, choncho lidaimika kaye kuthetsedwa kwa magawo olakwikawo kwa miyezi 36 kuti aphungu akonze. Podikira, lidalowetsa mfundo ziwiri m'lamulomo. Yoyamba: wopempha chilolezo aziulula kwa jaji ngati munthuyo ndi mtolankhani kapena loya. Yachiwiri: munthu aziuzidwa mwa kalata pasanathe masiku 90 chilolezo chitatha. Ngati kumuuza kungasokoneze kafukufuku, jaji angachedwetse ndi masiku osapitirira 90 pa ulendo umodzi, koma zonse pamodzi zisapyole zaka ziwiri.

Jaji Chris Jafta, mogwirizana ndi mkulu wa majaji pa nthawiyo a Mogoeng Mogoeng, adasiyana ndi anzawo pa mfundo ina. Iwo adaona kuti RICA imangotchula jaji wosankhidwa pomasulira mawu, koma palibe gawo lopatsa nduna mphamvu yomusankha. Majaji ambiri adati mphamvuyo ikumveka kuchokera m'lamulo lonse. Ine ndimamvetsa chifukwa chake adatero, popeza njira inayo ikadagwetsa zilolezo zonse nthawi imodzi, komabe mfundo ya a Jafta ndi yolemera. Lamulo lolola boma kulowa m'makutu mwa anthu siliyenera kusiya chinthu chachikulu chotere kuti majaji achite kuchiganizira.

Aphungu adachedwa. Bilu yokonza RICA idadutsa kumapeto kwa 2023, miyezi 36 ija ili pafupi kutha, ndipo mu Novembala 2024 mtsogoleri wa dziko adaibweza ku Nyumba ya Malamulo pokayikira ngati ikukwaniritsa zimene khoti lidafuna.

Palinso khomo lina limene mlanduwu sudalitseke. Makampani a mafoni amalamulidwa kusunga kwa zaka zitatu kaundula wa mafoni onse: nambala yoimba, yolandira, nthawi, kutalika kwa kulankhula, ndi nsanja ya netiweki imene foni idali pafupi nayo. Dandaulo loti zaka zitatu n'zochuluka lidakanidwa kukhoti la ku Pretoria. Ndipo kaundula ameneyu apolisi amamupeza mosavuta kudzera m'gawo 205 la lamulo la kazengedwe ka milandu la 1977, posainitsa kwa majisitireti wamba. Mu 2017 bungwe la Right2Know, litafunsa makampani a Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom, lidapeza kuti manambala oposa 70,000 ankaperekedwa m'njira imeneyi chaka chilichonse. Anthu amapeputsa kaundula poti mulibe mawu. Koma mundipatse kaundula wa foni ya munthu wa miyezi itatu, ndikuuzani kumene amagona, kumene amapemphera, chipatala chimene amapitako, ndi amene amamuimbira usiku. Kwa mtolankhani, kaundula yekha ndi wokwanira kuulula amene adamupatsa chikalata.

Tikabwera nacho kwathu

Gawo 21 la malamulo aakulu a Malawi limaletsa kulowerera zokambirana za munthu, ndipo limatchula makalata ndi njira zonse za lamya. Amene adalilemba mu 1994 adali atangotuluka m'nthawi imene kalata inkafika itatsegulidwa kale, ndipo anthu ankayamba ayang'ana kumbuyo asadatchule dzina la mtsogoleri. Gawo 44 limafuna kuti kuchepetsa ufulu kukhale kolembedwa m'lamulo, koyenera, kovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu za maiko onse, ndi kofunikira m'dziko la demokalase. Gawo 11 limalola makhoti athu kuyang'ana zigamulo za maiko ena pa nkhani zofanana. Choncho chigamulo cha amaBhungane, ngakhale sichimanga jaji wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, loya angathe kuchiika patebulo.

Nafenso tidakhalapo ndi mlandu wathu. Bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mauthenga, lidagula makina otchedwa CIRMS, amene anthu adawapatsa dzina loti makina a ukazitape. MACRA inkati makinawo ndi oonera ngati makampani a mafoni akutumikira bwino anthu ndiponso ngati akupereka ndalama zoyenera kuboma, ndipo pa ntchitoyo inkafuna kaundula wa mafoni. Nzika zidapita kukhoti, khoti lalikulu lidaletsa, koma mu 2014 khoti la Supreme lidaloleza. Kusiyana kwake ndi mlandu wa a Sole n'koonekeratu. Odandaula a kwathu ankanena za zimene zingachitike. A Sole adalowa m'khoti atanyamula mapepala a zimene zidachitika kale, mawu awo omwe atalembedwa ndi munthu wina. Jaji amamva msanga bala looneka kuposa mantha.

Chiyambire nthawiyo zinthu zawonjezereka. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye nambala iliyonse ili ndi nkhope. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, adamulanda foni ndi kompyuta, akufuna kudziwa amene adamupatsa chikalata china. Mu 2024 tidalandira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, chinthu chabwino ndithu, koma udindo woyang'anira lamulolo udaperekedwa kwa MACRA yomweyo. Mfundo ya a Madlanga ya mlonda woima payekha ikugwira pamenepa popanda kuikakamiza.

Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, anthu angapo abwera kwa ine akunong'ona kuti foni yawo ikumvetseredwa. Wina amati akumva phokoso lachilendo, wina amati zimene adauza munthu mmodzi yekha wazimva kwa wapolisi. Ena mwa iwo mwina ndi mantha chabe. Vuto langa ndi lakuti ndilibe njira yosiyanitsira, ndipo sindidaonepo ngakhale mmodzi atalandira kalata yochokera kuboma yomuuza kuti adamvetseredwa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Gawo 15 la malamulo athu aakulu limafuna kuti wodandaula asonyeze kuti nkhaniyo ikumukhudza mokwanira. Loya wa boma akaimirira, funso lake loyamba lidzakhala loti umboni woti kasitomala wanga adamvetseredwa uli kuti, pamene umboniwo uli m'kabati ya boma lomwelo.

Ndikadati ndilembe dandaulo lotere mawa, ndikadayamba ndi kalata yopita kukampani ya mafoni ndi ina yopita kupolisi, pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, kufunsa ngati kaundula wa nambala ya kasitomala wanga adapemphedwapo, ndani adapempha, ndipo adasaina ndani. Akayankha, tili ndi poyambira. Akakana kuyankha, kapena akati lamulo silikuwalola, kalata yokanayo ndiyo idzakhale pepala loyamba kumatidwa pa chikalata cholumbira, monga momwe yankho la mu 2009 lija lidakhalira mbali ya nkhani ya a Sole.